Mlandu wa Kiyibodi ya Alamu

Ntchito yanga ndi yotayipa. Ndili ndi kantemba pafupi ndi msika wa Petauke, kumbuyo kwa anyamata owotchelela zitseko, ndipo m'menemo muli kompyuta imodzi, makina a fotokope ndi benchi la makasitomala. Anthu amabwela ndi mapepala olemba pamanja, ine nkuwatayipila: makalata ofunsila ntchito kuboma, mapulogalamu a malilo ndi a ukwati, malamulo a magulu a alimi amene amatha chimanga chisanache. Kwa zaka zambili ndinkagwilitsa ntchito makiyibodi wamba, aja amabwela limodzi ndi kompyuta, ndipo sindinkawaganizila konse, monga mlimi saganizila mpini wa khasu usanathyoke.

Matenda okonda makiyibodi anandilowela pafoni. Tsiku lina malaiti atapita, ndili khale opanda chochita, ndinaona vidiyo ya munthu wa kunja. Nkhope yake sinkaoneka. Ankaoneka manja okha, akutayipa pa kiyibodi yaing'ono yolemela imene anaimanga yekha. Sankalankhula kanthu. Kunkangomveka mabatani, thupu thupu thupu, ngati madontho oyamba a mvula pa dothi louma. Ndinapeza inanso, munthu wina akufotokoza kuti pansi pa batani lililonse pamakhala kachipangizo kotchedwa swichi, kuti maswichi ena amalila mokweza ena motsitsa, ndiponso kuti wodziwa amawatsegula nkuwadzoza mafuta ndi kabulashi. Pomaliza ankapeleka malikisi ngati mphunzitsi. Pofika madzulo kiyibodi ya m'kantemba mwanga inali itayamba kundinyansa. Inkalila phwatha phwatha ngati munthu woyenda ndi mapatapata onyowa, ndipo ndinadabwa kuti ndakhala nayo bwanji zaka zonsezi osachita manyazi.

Ndinaitanitsa zipangizo kudzela mwa munthu wina wa ku Lusaka amene amagula zinthu kunja. Zinafika pa basi, m'kabokosi kamene kondakitala anakasanjika pamwamba pa makatoni a anapiye, moti katundu wanga ndinamulandila akununkha khola. Ndinamangila pa tebulo lodyela kunyumba. Madzulo alionse ndikaweluka ndinkakhala pamenepo, kutsegula swichi, kuidzoza, kuitseka, kutenga ina. Akazi anga anaima pakhomo tsiku lina nkundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena mofatsa kuti chikwatililane zidendene zawo zimang'ambika chilimwe chilichonse, koma sanandionepo nditagwila kabulashi.

Kiyibodiyo itatha, ndinaona kuti nanenso ndiyenela kuuza dziko. Ndinamangilila foni ku mpini wa tsache, mpiniwo nkuumangilila ku mpando kuti ijambule manja okha, ndipo ndinayamba kuunika makiyibodi m'Chinyanja, pa mitu itatu ngati anzanga akunja aja: maonekedwe, kalilidwe, ndi mmene zala zimamvela.

Mavuto analipo. Petauke si malo ojambulila madontho a mvula. Owotchelela akasiya, chigayo chimayamba, chigayo chikasiya, mlaliki wa pamsika amayatsa sipika. Bata limabwela pokhapokha malaiti akapita, koma nthawi imeneyo kompyuta nayo imakhala yozima. Choncho m'mavidiyo anga onse ndinkatayipa pa kiyibodi yosalumikiza kulikonse, kulemba mwaluso mawu amene sankapita kwina kulikonse. Vuto linanso linali lakuti kiyibodi yoyenela kuunikidwa m'boma lonse la Petauke inali imodzi yokha, yangayo. Ndinaiunika ili ndi tizisoti toyela, tija timavala mabatani pamwamba. Ndinasintha tizisotito nkuiunikanso. Ndinaika siponji m'kati mwake nkuiunikanso. Nthawi zonse inkakhoza bwino.

Oonela anga anali achibale. Azakhali anga a ku Msanzala ankalemba Amen pansi pa vidiyo iliyonse. Wina anafunsa ngati manjawo ndi angadi, poti akuoneka onenepa, nkuyamikila akazi anga kuti akundisunga bwino. Mnzanga wakale wa kusukulu anafunsa ngati ndimakonzanso mafoni. Za kalilidwe panalibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo.

Koma panali munthu mmodzi amene ankaonela ndi maso onse: alamu anga, mlongo wamkulu wa akazi anga. Iwo ali ndi shopu ya mbewu ndi feteleza ku Nyimba, ndipo ndi mkulu wa mpingo kumeneko. Ndi munthu wabwino, wopatsa, koma sapeza tulo wachibale akakhala ndi chinthu chimene iwo alibe. Nditagula njinga yamoto, iwo anagula motoka. Nditaika thanki ya madzi, yawo anaikweza pamwamba kwambili moti madzi ankalephela kufikako. Choncho sindinadabwe pamene anandiimbila foni kuti nawonso agula kiyibodi, yomangamanga kale, yoyaka nyali, ndipo ndibwele ndidzaiunike kuti anthu a ku Petauke aoneko zinthu.

Ndinakwela basi Loweluka m'mawa, mpini wa tsache uli m'manja. Anandilandila ngati mlendo wa kutali. Anandiphela nkhuku, ndipo akazi awo anandiikila nthuli zonse zabwino. Kiyibodi inali pabalaza, pa tebulo lapakati, itafunditsidwa kansalu koluka. Alamu anali atavala suti ndi tayi. Nditawauza kuti m'vidiyo mumaoneka manja okha, analowa kuchipinda nkutuluka atavala wotchi ndi mphete.

Anavundukula kansalu kaja. Chinthucho chinali chachikulu ngati chitseko cha kabati, ndipo pansi pa mabatani nyali zamitundumitundu zinkathamangitsana osapuma. Ndinaikapo zala. Batani lililonse linkakuwa khethe, nkusiya kamluzu ka waya m'khutu. Batani lalitali lija la pansi linkachita gwedegwede ngati chitseko cha chimbudzi tsiku la mphepo. Ndisanamalize mzele umodzi, galu amene anagona pakhomo anadzuka nkupita kuseli kwa nyumba.

"Mwamva, alamu?" anatelo akumwetulila. "Yanu ija imanong'ona ngati mkamwini watsopano."

Ndinayankha kuti kiyibodiyi ili ndi mawu ndithu. Anandipelekeza kukakwela basi atandinyamulila mkoko wa nthochi.

Kunyumba ndinavutika nayo nkhaniyi. Kwa anzanga akunja ndinali nditaphunzila kuti wounika weniweni saopa munthu, amanena chimene makutu ake amva. Sindinaganizile kuti iwowo amalimba mtima chifukwa opanga makiyibodi amakhala kutsidya kwa nyanja ndipo palibe anakwatila mlongo wawo. Akazi anga atamva zimene ndinkafuna kunena, anasiya kusankha nyemba.

"Bambo, munadya nkhuku yawo. Nenani kuti ndi yokongola, basi."

Ndinawafotokozela za choonadi, ndi udindo umene wounika ali nao kwa anthu omuonela. Anandimvetsela mpaka ndinamaliza, nkunena kuti choonadi chilibe alamu, koma ine ndili nawo.

Vidiyo ndinaitulutsabe. Pa maonekedwe ndinati ili ngati bala yomwela mowa tsiku la Khilisimasi. Pa kalilidwe ndinati ili ngati nshawa zouma zikugwedezedwa m'chitini. Pa zala ndinati munthu amamva ngati akuthyola miyendo ya ziwala. Malikisi ndinapeleka folo pa teni, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti limodzi mwa amenewo linali la nkhuku. Pofuna kusunga ulemu wa alamu sindinatchule dzina lawo. Pamutu pa vidiyo ndinangolemba kuti: Kiyibodi ya mkulu wa mpingo wa ku Nyimba. Ndinagona ndikudziona ngati munthu wolungama komanso waulemu.

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mpingo wa alamu unali utangogula kumene kiyibodi yoimbila nyimbo. Amai a kwaya anaivutikila nthawi yaitali, kupalila minda ya anthu ndi kugulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya basi. Poti tchalitchi chawo chilibe chitseko cholimba, kiyibodiyo inkasungidwa kunyumba kwa mkulu wa mpingo, kwa alamu anga omwewo. Ndipo ku Nyimba, monganso ku Petauke, munthu akati kiyibodi amatanthauza chinthu chimodzi chokha, chija chimalila Lamlungu.

Mabando a intaneti ndi odula, ndiye ambili sanaitsegule vidiyoyo. Anangowelenga mutu nkutumizila anzawo. Amene anamvako pang'ono anatola mawu a nshawa ndi a bala nkuwapititsa pakamwa. Mmene nkhani inkafika pamsika wa Nyimba, ine ndinali nditanena kuti kwaya imaimba ngati nshawa m'chitini, ndipo tchalitchi chawo sichisiyana ndi bala.

Ine ku Petauke ndinkangoona oonela akuchuluka kuposa kale lonse. Ndinauza akazi anga kuti mtundu wayamba kugalamuka. Chisangalalo chinatha nditayamba kuwelenga zimene anthu ankalemba pansi pake. Anali mavesi okhaokha onena za mathelo a anthu onyoza. Azakhali anga sanalembe Amen. Mai wina wa mpingo womwewo kuno ku Petauke anabwela ku kantemba nkulanda pulogalamu ya ukwati wa mwana wake ndili m'kati moitayipa, akuti sangalole kuti dzina la mkwatibwi lidutse m'zala zanga. Ndi iyeyo amene anandimasulila zimene akuti ndinachita.

Ndinaimbila alamu kuti athandize kuwongola nkhani, koma foni inkangolila. Ndinamva pambuyo pake kuti amai a kwaya atapita kukawapepesa, iwo anangozolika nkunena kuti zonse azisiya m'manja mwa Mulungu. Ankadziwa bwino lomwe kuti yonyozedwa ndi kiyibodi iti. Koma kuzunzidwa chifukwa cha mpingo nkokoma kusiyana ndi kusekedwa chifukwa cha chinthu chimene unagula wekha. Kunyumba kwanga akazi anga ankaphika ndi kuchapa monga mwa masiku onse, koma moni ankandipatsa ngati munthu amene angokhala naye mpando umodzi m'basi.

Kenako kunabwela uthenga wochokela kwa amalume awo a akazi anga, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wathu. Apongozi angawa anali dalaivala wa malole moyo wawo wonse, ndipo injini zinawasiyila makutu olemela. Masiku ano amalima nthochi kunja pang'ono kwa Nyimba. Uthenga unati tibwele tonse awili, ndipo ine nditenge chinthu chimene chandizunguza mutucho.

Tinapeza anthu atakhala kale pakhonde. Panali apongozi pa mpando wawo wa ndalema, alamu ndi akazi awo, ndi amai otsogolela kwaya pamodzi ndi gulu lawo, onse atavala yunifomu. Tisanayambe, kunatulukila wilibala ikukankhidwa ndi amai awili. M'menemo munali kiyibodi yoimbila ija, itakulungidwa m'chitenje cha mpingo. Anaitsitsa mosamala nkuipatsa mpando wakewake, moyang'anana ndi ine.

Titapemphela, amai otsogolela kwaya anayamba. Anafotokoza za minda ya thonje imene anapalila dzuwa lili pamutu, za utsi wa vitumbuwa umene unawafiilitsa maso, za tsiku limene kiyibodi inalila koyamba m'tchalitchi anthu okalamba nkugwetsa misozi. Anafunsa kuti iwo anandilakwila chiyani ine, munthu amene sindinapondepo m'tchalitchi mwawo. Ankalankhula bwino kwambili moti ndinayamba kumva manyazi pa mlandu umene sindinapalamule.

"Lomba mweo apongozi, kambani," anatelo ankhoswe, akuyang'ana ine.

Ndinatulutsa kiyibodi yanga m'chikwama nkuiika pa mphasa. Ndinapempha kuti alamu abweletsenso yawo. Iwo anati mwatsoka aisiya kunyumba, koma akazi awo anayankha msangamsanga kuti ili m'motoka, anaiikamo okha m'mawa. Itabwela, ndinatsegula vidiyo ija pafoni, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anaionela kuyambila poyamba mpaka pomaliza. Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Anaona manja anga, anaona nyali zikuthamangitsana, anaona wotchi ya alamu ikuloza mabatani.

"Ndiye kameneka sikaimba?" anafunsa amai otsogolela kwaya.

"Sikaimba, amai. Kamalemba."

Amaiwo anatembenuka nkuyang'ana alamu. Anawayang'ana nthawi yaitali ndithu. Alamu anapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zawo, kenako ananena chapansipansi kuti iwo sanatchulepo kuti ndi kiyibodi iti.

Ine ndinayesa kuti mlandu watha, moti ndinayamba kubweza kiyibodi m'chikwama. Koma anthu amene avala yunifomu nkuyenda mtunda sabwelela chimanjamanja. Amai aja ananena kuti kwaya inapeka nyimbo yonena za munthu wonyoza, anaiphunzila mlungu wonse, mawu onse anakhala bwino, ndipo siingatayidwe chabe chifukwa choti wonyozayo ananyoza china. Ankhoswe nawo anati nkhani ya mpingo yatha koma ya banja ikadalipo.

Anaitanitsa makiyibodi awiliwo nkuwaika pamiyendo. Anandifunsa ngati yanga imalemba zilembo zosiyana ndi za alamu. Ndinati iyayi. Anafunsa ngati imalemba msanga kuposa inzake. Ndinati zimatengela wotayipa. Anafunsa ngati kalata yolembedwa pa yanga imayankhidwa msanga kuboma. Ndinati iyayi. Anagwedeza mutu nkunena kuti ndiye kuti anthu akuluakulu, a mabanja awo, asonkhana pano chifukwa cha phokoso. Anatosa ya alamu ndi chala chimodzi, khethe, nkhope yawo nkuwala. Anatosa yanga, nkuiika kukhutu, nkuitosanso. Anafunsa ngati yafa. Ndinayesa kufotokoza kuti mawu otsika amenewo ndiwo akatswili amafuna, kuti ndinadzoza swichi iliyonse kuti ifike pamenepo. Anati iwo anayendetsa malole mpaka imvi, ndipo injini imene sukuimva ndiye kuti yazima.

Komabe chigamulo chawo sichinakhale pa kalilidwe. Anati munthu sudya nkhuku m'nyumba ya mnzako nkukaima pamsewu kunena za katundu wake. Anatinso folo si malikisi opatsa munthu amene unakwatila mlongo wake. Anafuna kudziwa kuti malikisi onse ndili nawo angati. Ndinati teni. Anafunsa kuti otsalawo ndimasunga kuti, ndiponso ngati ndimatsala ndi ochepa ndikapatsa munthu ambili. Ndinavomela kuti malikisi satha.

"Nanga mukuumilanji chinthu chosatha?"

Pamenepo panayamba kunenelela ngati pogula mbuzi. Ine ndinati ndingakweze kufika faifi, poganizila kuti kiyibodiyo ndi yolimba. Alamu, amene mawu anali atawabwelela, anati teni. Ndinafika pa sikisi ndikutuluka thukuta. Amai otsogolela kwaya analowelela nkunena kuti teni ndi wa Mulungu yekha, ndipo naini asiyilidwe kiyibodi ya mpingo, imene yakwezedwa wilibala popanda chifukwa. Ndinayamba kufotokoza kuti kiyibodi yoimbila si mbali yanga, koma palibe anandimvela. Akazi anga, amene chiyambile sanalankhulepo, ananena mawu amodzi osandiyang'ana: eyiti. Mawu amenewo ndimawadziwa mmene amamvekela akakhala omaliza. Ndinavomela.

Alamu nawo sanapulumuke. Chifukwa cholola amai a mpingo kuwamenyela nkhondo imene sinali yawo, anagamulidwa kuti agulile kwaya yonse zoziziitsa kukhosi, ndiponso kuti kiyibodi ya mpingo ibwelele pa motoka, mpando wakutsogolo.

Vidiyo yachiwili tinajambulila pomwepo, ndi mpini wa tsache la apongozi. Alamu ankatayipa, kwaya ikuimba kumbuyo nyimbo ija ya wonyoza, atangosintha mzele womaliza kuti wonyozayo alape. Kiyibodi sinamveke ngakhale pang'ono. Ine ndinanena kuti maonekedwe ake ndi achimwemwe, kalilidwe kake nkolimba mtima, ndipo zala sizingagone poigwilitsa ntchito. Ndinafufuza mawu amenewa mosamala kuti pasakhale bodza lenileni. Kenako ndinaunika ya mpingo. Kwa apongozi kulibe malaiti, choncho sinalile, koma ndinaipatsa naini wake. Apongozi anatulutsanso wailesi yawo yakale yomangidwa ndi mphila kuti nayo ndiione. Inalandila eyiti. Vidiyo yoyamba ndinaifufuta anthu onse akuona. Yachiwiliyi ndi imene yaoneledwa kwambili pa mavidiyo anga onse, ndipo pansi pake anthu amayamikila amai oimba besi.

M'basi pobwelela ndinakhala ndwii, kudandaula kuti dzina langa la wounika lathela pakhonde. Akazi anga anasenda nthochi, nkunyema, nkundipatsa theka. Anati dzinalo ankalidziwa ndi azakhali anga okha, ndipo iwowo andikhululukila.

Mvula itayamba, tsiku lina masana alamu anatulukila ku kantemba atanyamula thumba la feteleza. Anayang'ana uku ndi uku, nkupempha kuti nditsekeko chitseko. M'thumbamo munali kiyibodi ija. Anati akazi awo aithamangitsa m'nyumba chifukwa imawapweteketsa mutu, ndipo galu anasamukila kwa aneba. Anafunsa, maso ali kudenga, ngati ndingaichite zimene ndinachita yanga ija, koma nkhaniyi ithele m'kantemba momwemo.

Ndinali ndi maswichi otsala. Tinazula akale onse nkuwathila m'botolo la jamu, ndipo ndinawapatsa alamu kabulashi. Zala zawo ndi zazikulu, zozolowela matumba, ndiye ankadzoza lilime lili panja, mafuta nkumachuluka. Tinakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, mvula ikuwaza pamalata. Chikwatilile mlongo wawo, aka kanali koyamba kukhala nawo pansi popanda wina kuonetsa mnzake chinthu. Anandiuza kuti bambo awo atamwalila iwo ndiwo anatsala mutu wa banja akadali mnyamata, ndipo kuyambila pamenepo amaopa kuti achibale akawaona alibe kanthu adzataya mtima. Ndinangowapatsila swichi ina. Batani lalitali lija ndinalimanga bwino, m'kati ndinaikamo siponji. Titamaliza anatayipa dzina la shopu yawo, ndipo kiyibodi inayankha motsitsa, mofatsa, ngati ya munthu wina. Anamvetsela atatseka maso. Anafunsa kuti tsopano ndingaipatse angati, ndipo ndinati eyiti, koma uyu ndi eyiti weniweni. Anaseka, nkuibweza m'thumba la feteleza.

Sipanapite nthawi, anandiimbila foni. Anati kiyibodi ili bwino, akazi awo akondwa, galu wabwelela. Koma anali ataisamutsila kushopu, ndipo kumeneko yawabweletsela vuto. Alimi akalowa amawapeza atawelama kuseli kwa kauntala, zala zikuyenda koma osamveka kanthu, ndiye ena amayesa akupemphela nkudikila panja, ena amayesa akusewela. Wina anachita kuwafunsa ngati bizinesi yagwa. Anapempha kuti ndiwatumizile maswichi awo akale.

Botolo la jamu lija ndinalipeleka kwa kondakitala wa basi ya m'mawa. Alamu anawabwezela okha, ndipo ena anawalowetsa mokhota, moti mpaka lelo pali zilembo zimene kiyibodiyo silemba, ndipo mayina ena a mbewu amawamalizitsa ndi bolopeni. Ine ndinapitiliza kuunika yanga yomwe ija. Wina akandiitana kuti ndikaone yake, ndimayamba ndafunsa kuti kwawo ndi kuti, anakwatila kwa yani, ndipo amapemphela mpingo uti.

Ndikamapita ku Lusaka, basi ikaima pa Nyimba kuti anthu agule nthochi, ndimatsika kukawapatsa moni alamu. Sindifunsa munthu ngati alimo m'shopu. Ndimawamvela ndili kutsidya kwa msewu.